Njira Zomwe Lamulo Silikuzidziwa

Mwezi wa Okutobala dzuwa la ku Lisungwi silinyengerera munthu. Wokhala ndi ulendo amadzuka tambala woyamba atangolira, chifukwa ikangokwana 9 koloko mchenga umakhala utayamba kale kuwotcha kumapazi. Ine ndinachedwa. Ndinatsika minibasi pafupi ndi mlatho pomwe msewu wa tara wochoka pa Zalewa kupita ku Mwanza umaolokera mtsinje wa Lisungwi, ndipo ndinaima kaye kuonerera mathiraki akudutsa, ena olowera ku Tete, ena opitirira mpaka ku Harare ndi ku Joni. Mlatho unkanjenjemera thiraki iliyonse ikamadutsa. Kunsi kwake mtsinje unali utaphwa, madzi atangotsala kamzere pakati pa mchenga.

Kanjira kena kamapatuka pamsewupo n'kutsetsereka kulowera kumadzi. M'lifupi mwake n'mongokwana munthu mmodzi, ndiye anthu amayenda mondondozana: amayi atatu atasenza ndowa pankhata, mnyamata akukusa ng'ombe, bambo wina akukankha njinga yomangirira matumba atatu a makala, thukuta lili kamukamu. Ndinawatsata. Tikakumana ndi munthu wamkulu, wamng'ono ndiye ankapatuka n'kulowa m'udzu, manja pamodzi, "Wawa agogo," iwo n'kuyankha "Zikomo mwanangu," ulendo n'kumapitirira. Patsogolo pang'ono njirayo inakhota mwadzidzidzi pamalo poyera, popanda mwala ngakhale chitsa. Wokulira kumudzi akudziwa tanthauzo lake. Pamenepo panali mtengo kalekale, unagwa, chiswe chinaumaliza, koma mapazi a anthu sanaiwale, akulambalalabe mtengo womwe mwina palibe wamoyo anauonapo.

Njira yotereyi ilibe nambala ngati M1 kapena M6, ilibe bajeti, ilibe ofesi yoiyang'anira. Munthu atagula malo mawa n'kuzinga waya pakati pake, amayi a ndowa aja akadandaula kwa anyakwawa, ndipo anyakwawa akakhala olimba mtima nkhani itha bwino. Wogulayo akakhala wa m'tauni, wokhala ndi mapepala ndi loya, njira imafa. Chonsecho njira zodutsa m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Kapichira mpaka ku Matope, ndi zina zokwera m'mbali mwa Lisungwi kulowera kumapiri a kumalire, zasenza mbiri ya dziko lino kuposa nyumba zambiri zomwe tinazikhomera zikwangwani. Malawi akufunika lamulo lozindikira njira ngati chuma cha fuko, ndipo kuno kumunsi kwa Neno, m'dera la mfumu yaikulu Symon, ndi kumene kusowa kwa lamulolo kukuonekera poyera.

Chinapanga njirazi ndi mtsinje. Shire akachoka ku Liwonde amayenda mofatsa mpaka cha ku Matope, kenako n'kuyamba kugwa: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, Kapichira. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 madzi amatsika mamita pafupifupi 400, ndipo m'chigawo chomwechi ndimo Lisungwi amathira madzi ake. Lero mathithi amenewa ndiwo amatiyatsira magetsi. Siteshoni ya Nkula inayamba mu 1966, ya Tedzani mu 1973, ya Kapichira mu 2000. Koma kwa munthu wa bwato mathithi ndi khoma. Aliyense wochoka kunyanja ya mchere kudzera mu Zambezi, pofuna kukafika kunyanja ya Malawi, ankayenera kutsika n'kuyenda pansi, katundu wake ali pamutu pa munthu wina.

Azungu oyenda pa sitima anapeza njira zilipo kale. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anachoka ku Tete wapansi, naoloka Shire, nakafika mpaka ku Kilwa m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Sanatseule tchire ayi, anatsata njira za malonda za Amaravi. Amang'anja ankayendamo ndi makasu osula okha, nsalu za thonje zowomba okha, mchere wa kuchigwa ndi minyanga ya njovu. Pambuyo pake m'njira zomwezo munayamba kudutsa katundu wolira. Mu Julaye 1861, pamudzi wa Mbame kumapiri a kum'mawa kwa Shire, David Livingstone ndi anzake anakumana ndi gulu la akapolo omangidwa m'magoli, ndipo anamasula anthu 84. Gululo linkapita ku Tete. Wochoka kumeneko kupita ku Tete ayenera kuoloka Shire n'kulunjika kumadzulo, choncho madooko a m'chigawo chino anaona misozi yambiri ya anthu omwe sanakumane ndi wowamasula.

Livingstone anafika pamathithi mu 1859 n'kuwatcha dzina la mnzake wa ku London, Roderick Murchison. Mu 1861 anthu anamunyamulira bwato kulambalala mathithiwo kuti akayendere panyanja. Mu Epulo 1863 mnyamata wake wodziwa za miyala, Richard Thornton, anamwalira, ndipo manda ake alipo mpaka lero pafupi ndi Kapichira, osamalidwa ngati malo a mbiri. Chaka chomwecho Livingstone anayenda wapansi chakumadzulo kwa Shire kulowera kumpoto, ndipo mapiri ataliatali omwe munthu amawaona ali ku Lisungwi akayang'ana kolowera dzuwa anawatcha dzina la dokotala wa gulu lake, John Kirk. Murchison sanapondepo kuno, koma dzina lake linakhala pamapu zaka zambirimbiri. Onyamula bwato aja mayina awo sitikuwadziwa.

Nkhani yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya sitima ya Ilala. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E.D. Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws, anafika kumunsi kwa mathithi ndi sitima yachitsulo. Anaimasula zidutswazidutswa. Mafumu a Akololo anasonkhanitsa amuna mazanamazana, ndipo amuna amenewa anasenza sitimayo pamutu ndi pamapewa, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, m'miyala, m'minga, m'nyengo yomweyi ya dzuwa loswa mtengo. Ganizirani chitsulo chomwe chakhala padzuwa la Sepitembala kuyambira m'mawa, munthu n'kuchiika pankhata ya udzu, wopanda nsapato, n'kumakwera nacho chitunda. Malipiro ake inali nsalu. Atafika kumtunda kwa mathithi n'kuwerenga zidutswazo, sipanasowe ngakhale chimodzi. Sitimayo anailumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala 1875 inalowa m'nyanja ya Malawi. Ana asukulu amaloweza tsikuli. Amaloweza malo omwe amishoniwo anakhala: Cape Maclear, Bandawe ndi Khondowe. Koma pakati pa Kapichira ndi Matope palibe njira yolembedwa yomwe mphunzitsi angatengere ana ake n'kuwauza kuti agogo anu anadutsa apa atasenza sitima.

Ilala itatsegula khomo, umtengatenga unasanduka ntchito ya dera lonse. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, pamalo omwe Henry Henderson anasankha akuyenda ndi womasulira wake Tom Bokwito, mmodzi mwa anthu omwe anaomboledwa ku ukapolo m'masiku a mishoni ya Magomero. Mu 1878 kunabwera kampani ya African Lakes, yomwe tonse timaidziwa kuti Mandala chifukwa cha magalasi a John Moir. Katundu ankatsika sitima kwa Katunga ku Chikwawa, n'kukwera pamitu ya anthu mpaka ku Blantyre, n'kutsikanso mpaka ku Matope kumene sitima za kumtunda zinkadikira. Matope yemweyu, yemwe lero timamudziwa ndi mishoni ya Anglican ndi chipatala chake m'boma la Neno, anali dzina lodziwika kwa aliyense wopita kunyanja. Mtolo umodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25. Mzungu ankagona m'machila, anthu akuthamanga naye mosinthana, kapitawo akuwerenga mitu. Boma la atsamunda litabwera mu 1891 n'kuyambitsa msonkho wa nyumba, ambiri ankasenza katundu pofuna ndalama ya msonkhowo basi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna pafupifupi 200,000 a Nyasaland anagwidwa umtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, n'kupitirira mpaka ku Salima mu 1935. Madzi a Shire wakumtunda nawo anachepa kwa zaka zambiri moti sitima zinaleka kufika ku Matope. Umtengatenga unatha, njira zina zinamera udzu, zina zinatsala za kumunda ndi kumsika.

Wina anganene kuti zonsezi n'zakale kwambiri. Tiyeni tibwere pafupi. Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, dziko lino linalandira anthu othawa kwawo ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ndipo Neno, yemwe nthawi imeneyo anali mbali ya boma la Mwanza, anali limodzi mwa makomo awo. Kunali misasa ku Chifunga, ku Luwani ndi kuno ku Lisungwi. Anthu ankatsika m'mapiri a kumalire usiku, mwana kumbuyo, mphika ndi mphasa pamutu, kutsata tinjira tomwe abale a mbali ziwirizi akhala akuyendamo popita kumaliro ndi kumaukwati kuyambira malire asanalembedwe. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ambiri anabwerera kwawo. Mu 2016 mfuti zitaliranso m'chigawo cha Tete, msasa wa Luwani unatsegulidwanso kuti ulandire anthu omwe anayamba adzaza pa Kapise ku Mwanza. Amene anayenda njira zimenezi ali moyo. Amene anawapatsa madzi ndi malo ogona ali moyo, akukalamba m'midzi yomweyi. Kulandira alendo miliyoni ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zomwe Amalawi anachitapo, ndipo sindikuona chifukwa chomwe njira imodzi yochoka kumalire kukafika ku Luwani singalembedwe n'kusungidwa m'dzina la ntchito imeneyo, eni nkhani asanatisiye.

Lamulo lomwe tili nalo limatchedwa Monuments and Relics Act. Linakhazikitsidwa mu 1990 kulowa m'malo mwa lina la mu 1965, ndipo limayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi malo a mbiri. Si lamulo lachabe. Limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti malo akuti ndi otetezedwa, kaya ndi nyumba, manda, phanga, mwala wojambulidwa, linga, ngakhale dera lokongola mwapadera. Limanenanso kuti wofuna kuyamba ntchito yaikulu yomanga kapena kukumba adziwitse boma msanga, kuti akatswiri ayambe afufuza ndi kupulumutsa zakale zomwe zili pansipo, ndipo ndalama za kafukufukuyo alipire ndi mwini ntchito. Chifukwa cha lamuloli nyumba ya Mandala ya mu 1882 ikadalipo, ndipo manda a Thornton sanalimidwe.

Vuto lake n'lakuti linalembedwa ndi maganizo a malo amodzi omwe ungawazinge mpanda n'kuikapo mlonda. Njira siikhala pamodzi. Imadutsa m'minda ya anthu mazana, m'madera a mafumu angapo, m'maboma atatu kapena anayi. Yochoka ku Kapichira ingayambire ku Chikwawa m'mphepete mwa nkhalango ya Majete, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira mu 2003, n'kudutsa pafupi ndi malo a kampani ya magetsi, n'kulowa m'minda ya makolo ku Neno kapena ku Blantyre. Apa pali lamulo la nyama zakutchire, apo lamulo la nkhalango, uko lamulo la malo, kwina lamulo la misewu. Aliyense ali ndi kachigawo kake, koma palibe yemwe udindo wake ndi njira yonse kuyambira koyambira mpaka kothera. Ndipo njira ukaidula pamalo amodzi okha, yonse yafa.

Boma lenilenilo likudziwa kuti njira ndi chuma. Mu 2011 linapereka ku UNESCO mndandanda wa malo omwe likufuna kuti adzazindikiridwe padziko lonse, ndipo pamndandandapo pali njira za akapolo ndi njira ya Livingstone. Mukawerenga bwino mupeza kuti zotchulidwazo ndi malo apa ndi apo: Nkhotakota, Karonga, linga la Mangochi, linga la Lister ku Phalombe, matchalitchi a amishoni. Ndi mikanda yopanda ulusi. Paki ya Nyanja ya Malawi inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006, phiri la Mulanje mu 2025. Njira zija zikadali pamzere wodikira.

Maiko ena anakumana ndi funso lomweli n'kuliyankha ndi lamulo. Ku America, pa 2 Okutobala 1968, pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lotchedwa National Trails System Act. Linayamba ndi njira ziwiri zoyendamo anthu ofuna kuona kukongola kwa dziko, Appalachian ndi Pacific Crest. Ya Appalachian ndi yotalika makilomita pafupifupi 3,500 ndipo imadutsa m'zigawo 14. Mu 1978 anawonjezera mtundu wachiwiri, njira za mbiri, ndipo lero mitundu iwiriyi pamodzi yapitirira 30. Kuti njira ilowe m'gululi pamayamba kafukufuku, kenako nyumba ya malamulo imavomereza, n'kutchula nthambi imodzi ya boma yoti iziyankha za njirayo yonse, mogwirizana ndi eni malo, maboma ang'onoang'ono ndi magulu a anthu odzipereka. Ntchito yambiri yolambula ndi kukonza zizindikiro pa Appalachian amagwira ndi anthu odzipereka amenewa, osalipidwa.

Chomwe ndimachilemekeza pa lamulo lawolo n'chakuti silinathere pa nkhani zokoma zokha. Mu 1987 anazindikira njira yotchedwa Trail of Tears, momwe Acherokee anadutsa atathamangitsidwa kwawo ndi boma m'zaka za m'ma 1830, ambiri n'kufera panjira. Mu 1996 anazindikira msewu wa makilomita 87 wochoka ku Selma kupita ku Montgomery, momwe anthu akuda anaguba mu 1965 pofuna ufulu wovota. Dziko linavomera kuti pomwe anthu anavutikira ndi pofunika kusunga. Ku England nako kuli nzeru ina yomwe ingatithandize kwambiri. Lamulo la mu 1949 linalamula makhonsolo kujambula mapu a tinjira tonse ta anthu wamba, ndipo kanjira kakalowa pamapuwo mwini munda saloledwa kukatseka, ngakhale kadutse pakati pa tirigu wake. Kumeneko njira yomwe anthu ayendamo poyera kwa zaka 20 popanda woletsa ikhoza kuzindikiridwa kuti ndi ya onse. Kwathu kuno mwambo umanena zomwezo, kuti njira ya kudambo, ya kuchitsime ndi ya kumanda satseka. Kusiyana kwake n'kwakuti wathu ndi wapakamwa, ndipo masiku ano pakamwa pamagonja pamaso pa pepala.

Ndikudziwa chomwe munthu wa ku Neno angandiyankhe, ndipo ali ndi chifukwa. Boma limeneli linapatuka ku Mwanza mu 2003, ndipo kwa zaka zonsezi kulira kwake kwakhala kumodzi: msewu wa tara wofika kuboma. Alimi a mbatatesi, tirigu ndi manachesi kumtunda aona zokolola zikuwola chifukwa galimoto zakanika kukwera mvula itagwa. Amayi oyembekezera anyamulidwa pamachira kuoloka mitsinje yodzaza. Chipatala cha Lisungwi ndi cha kuboma, zomwe bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likuthandiza kuyambira pomwe linafika ku Neno mu 2007, zimadziwa bwino tanthauzo la msewu woipa. Kumuuza munthu wotere kuti tisunge tinjira ta miyendo kungamveke ngati chipongwe cha anthu okhuta a m'tauni. Tara abwere, ndipo abwere msanga. Koma ngakhale atabwera mawa, mwana wa sukulu, mayi wa kuchigayo ndi wazaumoyo wa m'mudzi wokayendera wodwala adzafika pa tarayo kudzera m'kanjira. Lamulo loteteza njira lingayambe lathandiza iwowa mlendo wa kamera asanafike n'komwe.

Ndipo nthawi ikutha. M'zaka za m'ma 2010 njanji yonyamula malasha kuchoka ku Moatize kupita kudoko la Nacala inadutsa ku Mwanza ndi ku Neno kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya. Njanji imadula dziko pakati, ndipo anthu amaoloka pomwe awaikira pooloka. Tsopano kukubwera damu la Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, lomwe likuyembekezeka kupanga mamegawati oposa 350, ndipo mu 2025 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni pa ntchitoyi. Magetsi tikuwafuna. Aliyense akukumbukira mdima womwe unatigwera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Koma walira mvula walira matope. Madzi akadzakwera adzamiza madooko, mitengo yopumirapo ndi zigawo za njira zakale m'chigwa chomwe amtengatenga anadutsamo. Malamulo alipo okakamiza kuti manda ndi zofukulidwa pansi ziwerengedwe, kuphatikizapo lamulo la zachilengedwe la mu 2017. Funso langa ndi la njira yeniyeniyo. Ijambulidwe isanamire, akuluakulu a m'midzi anene mayina a madooko ndi mphambano zake, ndipo pomwe yamira papezeke polambalala kuti ulusi usaduke.

Chinanso chikuchitika mwakachetechete. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula mwayi woti mabanja alembetse minda yawo n'kulandira chikalata. Ndi chinthu chabwino, makamaka kwa amayi amasiye omwe kale ankalandidwa malo. Koma oyeza malo akamakhoma zizindikiro za malire, kanjira kodutsa pakati pa minda iwiri kayenera kulembedwa nthawi yomweyo. Kakapanda kulembedwa kamalowa m'chikalata cha wina, ndipo mdzukulu wake adzakhala ndi ufulu wonse wokatseka. Makomiti a malo omwe lamuloli linakhazikitsa, otsogozedwa ndi agulupu ndipo okhala ndi amayi osachepera atatu, ndiwo oyenera kugwira ntchito imeneyi. Amayiwo ndi amene akudziwa njira iliyonse ya kumadzi ndi ya kunkhuni.

Mitengo nayo ikupita. Aliyense wodutsa pa Zalewa amaona milu ya matumba a makala. Tsanya, mtengo wolimba wa m'chigwa chino, ndiye amapsa bwino, ndipo ndiye akutha. Milambe yokha ndiyo yatsala chiimire chifukwa siitulutsa makala. Sindikumuweruza bambo wa njinga uja, ana ake ayenera kudya. Koma njira yopanda mthunzi m'dera lotentha chonchi munthu sangaiyende masana, ndipo mvula ikagwa imasanduka ngalande. Lamulo likanati mitengo ya m'mbali mwa njira yozindikiridwa isadulidwe, n'kupereka kwa mudzi gawo la ndalama zomwe alendo angalipire, wootcha makala mmodzi kapena awiri akanapeza ganyu ina yolondolera alendo ndi kulambula.

Lamulo lomwe ndikulilakalaka silofuna mabiliyoni. Aphungu akhoza kungowonjezera mutu umodzi m'lamulo la mu 1990, wonena kuti njira, dooko ndi malo opumirapo zikhoza kulengezedwa pamodzi ngati chinthu chimodzi. Mutuwo utchule ofesi imodzi yoyankha za njira yonse, ulamule khonsolo iliyonse kusunga kaundula wa njira zake, ndipo unene kuti womanga damu, njanji kapena mpanda akadula njira yolembedwa apereke ina. Pempho loti njira ilembedwe lizichokera kumudzi. Mwini munda asalandidwe malo, angovomera kuti anthu azidutsa monga akhala akuchitira. Kulambula njira si ntchito yachilendo kwa ife. Mfumu ikamema, anthu amatuluka ndi makasu ndi zikwanje, ndipo zimenezi zinkachitika Amerika asanaganize za magulu awo odzipereka.

Pali malo amodzi pomwe ndingapemphe olemba lamulo kuti aponde mosamala. Si njira iliyonse yofunika chikwangwani. Ya kumanda, ya kudambwe, ya kutsimba, ya kukachisi wa mvula, zimenezi zili ndi eni ake ndi miyambo yake, ndipo kuzitsegulira aliyense n'kuzipha mwa mtundu wina. Lamulo lizitha kuziteteza kuti zisatsekedwe popanda kuziika pamapu a alendo. Ndipo pa njira zotsegukazo, mayina akhale athu. Ngati padzakhale njira yochoka ku Kapichira kukafika ku Matope, ine ndingakonde itatchedwa Njira ya Amtengatenga. Livingstone ali ndi mzinda wa Blantyre wotchedwa dzina la kwawo, ali ndi Livingstonia, ali ndi zipilala. Osenza Ilala alibe ngakhale mwala umodzi.

Dzuwa litapendeka ndinabwerera cha kumlatho kudzera njira ina, yomwe mayi wina wogulitsa malambe anandilozera kuti ndi yachidule. Ndinayenda mwina theka la ola, kudutsa pansi pa mlambe waukulu womwe khungwa lake linasendedwa kale n'kupolanso, pomwe mizu yake inachita kusalala ndi kukhalidwa. Kenako njira inathera pa mpanda wa minga zodula kumene, masamba ake asanafote n'komwe. Kuseri kwake munda unali utasosedwa, mizere itayamba, ndipo mkati mwa mundawo njira yakaleyo inkaonekabe, yoyera, yolimba, yolunjika kumtsinje, khasu litangoilumpha chifukwa cha kuuma kwa dothi lake. Kumanzere udzu unali utagona pomwe anthu ayamba kupondaponda pofuna polambalala. Ndili chiimire panafika agogo ena aakazi, mtolo wa nkhuni pamutu, kamdzukulu kakuwatsata ndi kabotolo ka madzi. Anayang'ana mingayo, anayang'ana tsidya, nakonza nkhata yawo ndi dzanja limodzi. "Tiye kuno, iwe," anatero kwa mwanayo, n'kulowa m'udzumo.